Tchalitchi cha Escomb: Lipoti la Nyumba Yopanda Chikalata

Ntchito yanga ndi yoyendera nyumba zakale zamiyala, kuona pamene zikudwala, ndi kulangiza eni ake choti achite, makamaka choti asachite. Nthawi zambiri ndisanafike pamalo ndimakhala nditawerenga kale mapepala: mapulani, malisiti a amisiri, makalata a makomiti. Nyumba ya mu lipoti lino ilibe pepala la kubadwa kwake ngakhale limodzi. Palibe analemba dzina la woimanga, la mfumu imene inapereka malo, kapena la woyera mtima amene anaipatulira poyamba. Chilipo ndi khoma basi. Ndalemba poganizira anzanga amene akuyamba kumene ntchitoyi, chifukwa nyumba iyi imaphunzitsa munthu kuwerenga khoma tsiku limodzi lokha. Si lipoti la kuyendera kwa lamulo kumene mpingo wa Anglican wa ku England (Church of England) umachititsa pa tchalitchi chilichonse zaka zisanu zilizonse. Limenelo ali nalo eni ake.

Malo ndi miyeso

Escomb ndi kamudzi ka ku County Durham, kumpoto chakum'mawa kwa England, pafupifupi makilomita awiri ndi theka kumadzulo kwa tauni ya Bishop Auckland, m'mphepete mwa mtsinje wa Wear. Ukatsetsereka kulowa m'mudzimo umapeza nyumba zamakono zitazinga manda, mandawo ali mu mpanda wozungulira ngati lichero, ndipo pakati pake paima katchalitchi kakatali koma kopapatiza, kamiyala yodetsedwa ndi zaka. Boma linakaika m'gulu la Grade I, gulu lapamwamba kwambiri la nyumba zotetezedwa.

Zipinda ndi ziwiri. Chachikulu, chokhalamo mpingo, mkati mwake n'chotalika mamita 13.3, mulifupi mamita 4.4. Kum'mawa kwake kuli kachipinda ka guwa, mamita 3 mbali zonse. Makoma ndi okwera pafupifupi mamita 7, koma kuchindikala kwake ndi masentimita 70 okha. Mumakwana anthu 65.

Taimani kaye pa manambalawa, chifukwa umboni wayamba kale. Kutalika kwa chipinda ndi katatu mulifupi mwake, ndipo kukwera kwa khoma kukuposa mulifupimo ndi theka. Ukalowa umamva ngati uli m'chigwa chakuya. A Norman, amene analanda England mu 1066, sankamanga chonchi: makoma awo amakhala onenepa, nthawi zambiri nkhope ziwiri za miyala yosema ndi zibuma zothiridwa pakati. Khoma loonda, lalitali, lodalira matope abwino a laimu ndi miyala ikuluikulu ya pangodya ndi dzanja la amisiri a nthawi ya a Anglo-Saxon, anthu amene ankalamulira England a Norman asanabwere. Ndiye tisanaone china chilichonse, tepi yoyezera yatiuza kale kuti nyumbayi inaima a Norman asanabwere. Funso lotsala ndi lakuti inawatsogolera ndi zaka zingati: makumi asanu, kapena mazana anayi.

Miyala ya eni ena

Ndinayamba ndi kuzungulira kunja, monga mwa chizolowezi, dzuwa litapendeka kuti chithunzithunzi chionetse zipsera za tchizulo. Miyala yambiri ya m'munsi ndi ikuluikulu, yosemedwa bwino mbali zonse, ndipo pankhope pake pali mizere yopingasana ngati maso a ukonde. Kasemedwe kameneka n'ka Aroma. Pamtunda wa makilomita atatu okha pali mabwinja a linga la asilikali a Roma la Binchester, limene iwo ankalitcha Vinovia, pa msewu wawo waukulu wa Dere Street. Linamangidwa cha m'ma 80 AD. Ulamuliro wa Roma utatha ku Britain cha m'ma 410, makoma ake anakhala nkhokwe ya miyala yosemasema kwa aliyense wokhala ndi ngolo ndi ng'ombe.

Kukhoma la kumpoto, kunja, kuli mwala wolembedwa LEG VI, chidule cha dzina la gulu lankhondo lachisanu ndi chimodzi limene likulu lake linali ku York. Zilembozo zili chadodolido. Mkati, m'mbali mwa zenera lina la kumpoto komweko, muli mwala wina wogonekedwa cham'mbali, wolembedwa m'Chilatini BONO REI PUBLICAE NATO, kutanthauza "kwa wobadwira ubwino wa dziko". Alendo ena amakonda kunena kuti omangawo anatembenuza dala zilembozi ponyoza Aroma akunja. Ine sindikhulupirira. Mmisiri akanyamula mwala sawerenga. Amauzunguza mpaka upeze mbali imene ukhala bwino pa unzake, n'kuukhazika. Komanso ngati khoma linali loti lipakidwa pulasitala kapena njereza, zilembo zinali zoti zikwiririka. Kwa iwo unali mwala wabwino wopezeka mosavuta, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Pangodya anaika miyala yolemera kwambiri, yogonekedwa mosinthanitsa: uwu utali wake utsata khoma ili, wotsatira utsata linalo, mpaka pamwamba, ngati zala zolukana. Ukamakweza maso, miyala ya pakhoma imanka icheperachepera. Izi zingatanthauze kuti ikuluikulu inawathera, kapena kuti ankaopa kukweza zolemera pasikafodi yamitengo. Mizere yapamwamba kwenikweni ndi nkhani ina: m'mphepete mwa denga munakwezedwa pambuyo pake, ndipo magebulo, nsonga za makoma zotseka denga kumapeto, okwera ngati masitepe amene amaoneka lero si a omanga oyamba.

Uta wa pakati

Chinthu chimene chimandigwira nthawi yaitali ndi khomo lolumikiza zipinda ziwirizi. N'lotambalala mita 1.6 yokha koma lokwera mamita 4.6, ndipo pamwamba n'lokhota ngati uta. Mwala uliwonse wa mu utawo unasemedwa ngati mphero yoyezedwa bwino, ukuboola khoma lonse kuchoka kuno mpaka uko, ndipo mizere yolumikizira yonse ikuloza pakatikati pa bwalo. Uta wotere umaima pawokha ngakhale matope atakokoloka.

Tsono yerekezani ndi mazenera oyambirira a nyumba yomweyi. Alipo asanu: awiri kumwera, awiri kumpoto, limodzi pamwamba pa khoma la kumadzulo. Ndi timabowo tating'ono kunja, totambasuka kulowa mkati kuti kuwala kufalikire. A kumpoto ndi amutu wophwatalala. A kumwera ndi amutu wokhota, koma kukhotako si uta womangidwa: anangotenga mwala umodzi n'kuugoba kunsi. Amenewa ndi manja a anthu amene ankazemba kumanga uta pamene pali njira ina. Ku Brixworth, ku Northamptonshire, kumene amisiri a Anglo-Saxon anamanga okha mauta ndi njerwa za Aroma, njerwazo sizinaloze pakati; zinapendekera, ndipo pamwamba anangotsekapo ndi zodzazira. Nanga anthu a luso lofanana akanasema bwanji uta wosalala ngati wa ku Escomb? Ndikugwirizana ndi akatswiri ambiri amene amati uta umenewu unagwetsedwa mwala ndi mwala ku nyumba ina ya ku Binchester, n'kudzakonzedwanso pano. Ku Corbridge, pafupi ndi malo ena a Aroma, tchalitchi cha St Andrew chili ndi uta umene nawonso amauona chimodzimodzi. Tisawapeputse komabe: kumasula uta, kusunga ndondomeko ya miyala yake, kuunyamula pangolo, n'kuupangira chikombole chamitengo kuti ukhalenso, si ntchito ya munthu wongoyesa.

Mizati ya m'mbali mwa khomoli ili ndi kamangidwe kakekake: mwala woimirira, pamwamba pake wogona wolowa m'khoma, kenako woimirira, kenako wogona. Wogonayo ndiye amamangirira mzati kukhoma. Njirayi imapezeka m'matchalitchi ena ambiri a nthawiyo, koma chitsanzo cha pano n'choonekeratu kotero kuti akatswiri kulikonse amaitcha Escomb fashion. Kamudzi kakang'ono kanapereka dzina ku mawu a ntchito yathu.

Kunsi kwa utawo kwatsala zigamba za pulasitala wokhala ndi utoto wa mizere yopota ngati mpesa. Utotowu ndi wa zaka zapambuyo, koma ukutikumbutsa kuti mkati munali mosalala ndi mwamitundu, osati miyala yoonekera imene ife tazolowera kuisirira.

Zaka zake

Pazikwangwani ndi m'timabuku ta alendo mumapeza chaka cha 675 kapena chapafupi. Tiyeni tione chimene chikuchirikiza nambala imeneyi.

Mapepala satithandiza. Dzina la Escomb limayamba kuoneka m'nkhani ya minda imene Bishopu Aldhun wa ku Durham, amene anakhala paudindo kuyambira 995 mpaka 1018, anapereka kwa akalonga a ku Northumbria, dera la ufumu wakale wa kumpoto kwa England. Imeneyo ndi nkhani ya nthaka, osati ya nyumba. Mudziwu ukupezekanso mu kaundula wa chuma cha bishopu wa mu 1183. Bede, mmonke wa ku Jarrow amene anamaliza kulemba mbiri ya mpingo wa ku England mu 731, satchula Escomb. Ena amati ndiye kuti tchalitchichi kunalibe iye ali moyo. Mfundoyi ndi yofooka. Bede sankalemba kaundula wa nyumba. Ankatchula malo pamene panachitika zinthu zimene ankasimba, ndipo kachalichi kopanda chozizwitsa kapena mkangano wa mabishopu kanalibe chomukopera.

Umboni wolimba ndi wofanizira ndi nyumba zimene zaka zake zikudziwika. Matchalitchi oyamba a ku Northumbria anali amitengo. Cha ku Lindisfarne chimene Bishopu Finan anamanga chinali cha matabwa a oak, chofoleredwa ndi bango. Mu 674 mkulu wa amonke Benedict Biscop anayambitsa nyumba ya amonke ku Monkwearmouth, kumatsiriro a mtsinje womwewu wa Wear, ndipo anapita ku Gaul, dera la France wa lero, kukatenga amisiri a miyala, kenako n'kuitanitsa opanga magalasi, chifukwa luso limeneli linali litazimirira ku England. Pa zaka zomwezo Bishopu Wilfrid ankamanga ku Hexham ndi miyala ya Aroma yochokera ku Corbridge. Ku Jarrow kuli mwala wa kupatulidwa kwa tchalitchi wa chaka cha 685, ndipo mbali yakale ya tchalitchi cha St Paul kumeneko imafanana ndi Escomb ngati ana a mimba imodzi: kupapatiza, kukwera, ngodya zolukana, timazenera totambasukira mkati mokha.

Chimene chikusowa pakhoma nachonso n'chofunika. Amisiri a Anglo-Saxon a m'zaka za m'ma 900 ndi 1000 ankakonda mizere yamiyala yoonda yotuluka pakhoma, monga pa nsanja ya ku Earls Barton, ngodya za mwala woimirira ndi wogona, ndi mazenera otambasuka mbali zonse ziwiri. Ku Escomb kulibe chilichonse mwa zimenezi. Kenako pali zimene zinatuluka m'nthaka mu 1968, pamene akatswiri ofukula zakale anakumba m'mbali mwa nyumbayi: maziko a kachipinda kamene kanali kumpoto kwa guwa, maziko a chipinda china kumadzulo, ndi tizidutswa ta galasi la m'mazenera tofanana ndi ta ku Jarrow ndi Monkwearmouth. Kufukulaku kunatsimikizira zimene khoma linkanena kale, popeza khomo lotsekedwa la kumpoto kwa guwa likuoneka, ndipo pakhoma la kumadzulo pali chipsera cha denga la chipinda chimene chinagwa. Pakhonde asungapo zidutswa za mitanda yamiyala yosemedwa mwaluso la nthawi yomweyo ya Northumbria.

Za mpanda wozungulira wa manda, umene ena amati ukusonyeza mwambo wa mpingo wa ku Ireland umene unali wamphamvu ku Northumbria msonkhano wa ku Whitby wa mu 664 usanasankhe mwambo wa ku Roma, ndimaziika kumapeto kwa mzere wa mboni. Mpanda umasuntha, ndipo manda ozungulira alipo a zaka zosiyanasiyana.

Chigamulo changa n'chakuti nyumbayi ndi ya pakati pa zaka za m'ma 670 ndi 800, ndipo mbali yoyambirira ya nyengoyi ndiyo ikukwanira bwino. Chaka cha 675 n'chotheka ndithu, koma munthu wolemba lipoti achilembe ngati chiyerekezo. Ndaonapo malipoti ambiri amene nambala yongoganizira inalembedwa kamodzi, n'kukopedwa kakhumi, mpaka aliyense kuyamba kuilemekeza ngati inachokera pamwala.

Manja amene anaikhudza

Zosintha za zaka chikwi zotsatira n'zochepa moti zimatha m'ndime imodzi. M'zaka za m'ma 1200 anaboola mazenera aatali osongoka pamwamba kukhoma la kumwera. Khomo la kumwera linakulitsidwa, n'kumangidwira khonde, ndipo pagebulo ya khondelo pali wotchi ya dzuwa ya m'zaka za m'ma 1600. Khomo loyambirira la kumpoto, lamutu wophwatalala, likadalipo. Zipinda ziwiri zam'mbali zija zinagwa kapena kugwetsedwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 anaboola mazenera ena akuluakulu, kuphatikizapo la kum'mawa ndi la kumadzulo, kuti anthu aziona powerenga. Nsanja palibe, zipinda zam'mbali zokulitsira mpingo palibe, ndipo guwa silinatalikitsidwe.

Kusowa kwa zinthu zimenezi ndiko nkhani yeniyeni. M'midzi yambiri ya ku England, tchalitchi chinkakula pamodzi ndi chuma cha mudzi. Mwini malo wolemera akafuna kukumbukiridwa ankaboola khoma n'kuwonjezera chipinda. Amalonda a ubweya wa nkhosa akapeza phindu ankakweza nsanja. Chilichonse mwa izi chinkadya khoma lakale. Ku Durham komweko, a Norman anayamba mu 1093 kumanga tchalitchi chachikulu chatsopano, ndipo cha a Anglo-Saxon chinachotsedwa. Escomb inali nthambi chabe ya parishi ya St Andrew ku Auckland, m'mudzi wa alimi ochepa a bishopu. Panalibe wolemera wofuna kusiyapo dzina. Denga likadontha ankalikonza, kukada ankaboola zenera, basi.

Chuma chitafika, chinafika ndi malasha. Njanji ya Stockton ndi Darlington, imene inatsegulidwa mu 1825, inkayambira ku migodi ya dera lomweli, ndipo mu 1846 amalonda a chitsulo Bolckow ndi Vaughan anatsegula ng'anjo zosungunulira chitsulo ku Witton Park, mudzi woyandikana nawo. Anthu anachuluka, ndipo malo 65 sanakwanenso. Apa m'pamene nyumbayi inapulumukira pakamwa pa ng'ona. Njira yotsika mtengo, imene maparishi ambiri a nthawi ya Mfumukazi Victoria anatsata, inali kugumula khoma limodzi n'kukulitsa, kapena kugwetsa zonse n'kumanga pamalo pomwepo. A ku Escomb anamanga tchalitchi chatsopano cha St John pamtunda, chimene chinatha mu 1863, n'kungosiya chakalecho. Chinayamba kuwonongeka, mbali ina ya denga inatseguka, mvula n'kumalowa. Palibe ankadziwa kuti akusiya chiyani. Anthu ankachiyesa kachalichi wamba kakalekale.

Amene anathandiza kutsegula anthu maso ndi Rev. R. E. Hooppell wa ku Byers Green, amene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870 ankafukula linga la Binchester. Munthu amene maso ake azolowera kasemedwe ka Aroma sakanadutsa khoma lija osaima. Ndalama zinasonkhedwa, katswiri wa zomangamanga R. J. Johnson wa ku Newcastle anayang'anira ntchito, ndipo pofika 1880 nyumbayo inali itafoleredwanso. Nthawiyi inali yoopsa kwa matchalitchi akale, chifukwa okonza ambiri ankapala pulasitala yense kuti miyala ioneke, n'kusintha mazenera kuti afanane ndi chithunzi chimene iwo anali nacho m'mutu. William Morris anayambitsa bungwe la Society for the Protection of Ancient Buildings mu 1877 polimbana ndi mchitidwe womwewu, mpaka linapatsidwa dzina loti Anti-Scrape, kutanthauza odana ndi kupala makoma. Ku Escomb pulasitala wakale watsala zigamba zokha, ndipo zimenezi zimandipweteka, chifukwa pulasitala ndi chikalata chimene chikapalidwa sichibwereranso. Koma ndiyamikire pamene payenera: mazenera a m'ma 1200 ndi a m'ma 1800 anawasiya m'malo mwake. Sanayese kubweza nyumba ku "chiyambi" chongopeka. N'chifukwa chake lero tikutha kuwerenga mibadwo yonse pakhoma limodzi.

Kwa zaka pafupifupi 90 kamudzi kameneka kanasenza matchalitchi awiri, ndipo akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Chakale chinkagwira ntchito mwa apo ndi apo, chopanda magetsi ndi chotenthetsera. Nkhondo yachiwiri itatha, migodi inatsekedwa, anthu anasamuka, nyumba zakale za m'mudzimo zinagwetsedwa, ndipo cha St John chinayamba kufuna ndalama zokonzera zimene mpingo wochepawo unalibe. M'zaka za m'ma 1960 chakale chija chinakonzedwanso potsata mapulani a katswiri wa zomangamanga Sir Albert Richardson, mu 1969 chinabwerera pa udindo wa tchalitchi cha parishi, ndipo mu 1971 cha St John chinagwetsedwa chitangokhala zaka 108. Mwana anatsogola, kholo n'kutsala.

Escomb si yokha imene inapulumuka mwa njira imeneyi. Tchalitchi cha St Peter ku Bradwell-on-Sea, chimene Bishopu Cedd anamanga cha m'ma 654 pa linga lina la Aroma, chinakhala nkhokwe ya mlimi kwa zaka mazana mpaka 1920. Cha St Laurence ku Bradford-on-Avon chinapezeka mu 1856 chili sukulu mbali ina, nyumba yogona mbali ina. Odda's Chapel ku Deerhurst, ya mu 1056, inabisala mkati mwa nyumba ya pafamu. Kusiyana kwake n'kwakuti enawo anaboolaboola makoma kuti alowetse ngolo kapena kuika zipinda, pamene Escomb sinasandutsidwepo chinthu china.

Zoyenera kuyang'anira

Nyumba ya mtundu uwu siigwa ndi ukalamba. Imagwa ndi madzi, ndiponso ndi mmisiri wachangu. Khoma la masentimita 70 lokwera mamita 7 lilibe mafuta osungira. Likanyowa mkati mwake n'kuzizidwa mpaka madzi kuundana, miyala imayamba kusuntha. Choncho ndalama yoyamba ipite ku denga, ku ngalande za madzi a padenga, ndi pamasitepe a magebulo aja, chifukwa sitepe iliyonse ndi kashelefu kosunga mvula. Munthu wokwera makwerero kawiri pachaka kukachotsa masamba amateteza nyumba kuposa kontirakitala wobwera kamodzi pa zaka makumi atatu.

Chachiwiri ndi nthaka. Manda a zaka zoposa chikwi amakwera pang'onopang'ono, ndipo dothi likakhudza khoma pamwamba pa mlingo wa pansi pa mkati, chinyontho chimalowa. Koma pamalo ngati awa simungangotenga khasu n'kukumba ngalande. Maziko a zipinda zija ali pompo, ndipo kukumba kulikonse kumafuna chilolezo cha khoti la dayosizi ndi katswiri wa zofukula ataimirira pambali.

Chachitatu, ndipo pano ndilankhula mokweza kwa anzanga atsopano, ndi simenti. Mwala wa pano ndi wamchenga, ndipo umapuma. Matope a laimu ndi ofewa kuposa mwala, kotero madzi ndi mchere zimatulukira m'mizere, n'kumadya matopewo, amene ndi otchipa kubwezeretsa. Mukamata mizere ndi simenti mwatseka njira. Madzi amatulukira m'mwala weniweni, nkhope yake imafufuma n'kusendeka, ndipo pakapita zaka mumapeza mizere ya simenti itaima ngati nthiti, miyala itadyeka kumbuyo kwake. Pa nyumba ina imene sindiitchula dzina ndinapeza kasemedwe ka zaka mazana asanu ndi awiri katatha m'zaka makumi anayi chifukwa cha zimenezi, ndipo amene anachita anali ndi mtima wabwino. Ku Escomb, nkhope ya mwala ndiyo umboni wonse: mizere ya ukonde ija ikasendeka, mboni ya Binchester yafa. Kutenthetsa mkati nakonso kukhale kofatsa ndi kosadumphadumpha, popeza kutentha kwadzidzidzi Lamlungu m'mawa kumakokera mchere pankhope ya khoma ndi pa zigamba za utoto zija.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi wotchi ya dzuwa yakale imene ili pamwamba pa khoma la kumwera, pakati pa chipinda chachikulu. Imeneyi si ya pakhonde ija. Ndi mwala wokhala ndi theka la bwalo ndi mizere itatu yokha, yosonyeza nthawi za mapemphero a tsiku, osati maola khumi ndi awiri. Pamwamba pake pakhota chamoyo chonga njoka, ndipo pamwamba penipeni patuluka kamutu ka chilombo. Ambiri amaiwerengera m'gulu la mawotchi a dzuwa akale kwambiri ku England amene akadali pamalo pamene anaikidwa. Yakhala panja nthawi yonseyi, yamwa utsi wa malasha ndi wa ng'anjo za ku Witton Park, ndipo kasemedwe kake kafwifwa.

Njira zimene anthu amaganizira pa mwala wotere ndi zitatu. Kuuzula n'kuusunga mkati n'kuikapo wofanizira pamalo pake, kuupaka mankhwala olimbitsa, kapena kuusiya. Yoyamba ndikuikana, chifukwa mtengo wa mwalawu uli pa kukhala kwake m'khoma limene unamangidwiramo, ndipo kuuzula n'kuwononga matope oyambirira ozungulira, amene ndi umboni woti ndi wa msinkhu umodzi ndi nyumba. Yachiwiri ndikuiopa, chifukwa mankhwala akalowa satuluka, ndipo kawirikawiri amapanga chikhungwa cholimba chimene pambuyo pake chimakanganuka chonse pamodzi ndi chithunzi. Ndingalangize kuujambula mwatsatanetsatane ndi makina a laser pamodzi ndi zithunzi za kuwala kopendeka, kubwereza kujambulako nthawi iliyonse ya kuyendera kwa zaka zisanu kuti kudyeka kuziyezedwa osati kungoganiziridwa, kuonetsetsa kuti madzi a padenga sakutsikira pamenepo, ndi kusunga mizere yozungulira ili yomatidwa ndi laimu wofewa. Zojambula za maulendo awiri kapena atatu zikadzasonyeza kuti mwala ukutha mofulumira, m'pamene nkhani ya kuupaka kansalu kopyapyala ka laimu kotetezera ingadzakambidwe, ndipo ngakhale pamenepo kuyesa kuyambire pa mwala wina wopanda chithunzi wa pakhoma lomwelo.